Masiku Amene Patuma Ankabweza

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Ndikudziwa kuti palibe wapositi amene angafikitse kalata iyi, ndiponso mukanakhala moyo mukanandikalipira kuti ndawononga pepala pa nkhani zoti tikanakamba pakhonde tikusenda chinangwa. Komabe ndalemba. Papita chaka ndi miyezi inayi chikuikireni m'manda ku Nayuchi, ndipo nkhani zaunjikana moti zayamba kundilemera.

Ndiyambe ndi zopepuka. Akazi awo a achimwene Che Yusufu anachira, ndi mwana wamkazi. Ali ndi mphumi yanu, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope monga munkachitira mukamva mtengo wa mchere. Thonje lathu kuno ku Rivirivi labereka mwapakatikati. Mbozi zinadya gawo lawo, ndipo ogula kumsika anati lambiri ndi la giredi yachiwiri, mawu omwe amanena chaka chilichonse asanamasule n'komwe thumba. Nandolo ndiye wachita bwino. Ku Nayuchi kwadzaza anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo m'nyumba mwanu muja achimwene anaikamo mayi wina ndi ana ake anayi. Ndinavomera poti ndikudziwa kuti inu mukanawalandira, mutayamba mwawakalipira kaye chifukwa chofika ndi mapazi amatope.

Koma amene wandigwiritsa cholembera ndi Patuma, mdzukulu wanu amene munalera mpaka pamene anasankhidwa kupita ku sekondale. Tsopano ali Fomu 4, mayeso ali pafupi. Pakati pa teremu ino ndinamuona akutsika njira yochokera kumsewu dzuwa lili paliwombo, bokosi lake lili pamutu, envulopu ili m'manja. Mwana wa sukulu yogonera konko sabwera ndi bokosi pakati pa teremu kudzangopereka moni.

Kalatayo inali yochokera kwa a Sisitere, akulu a sukuluyo. Inati Loweruka lina masana, atsikana onse ali kubwalo kuphunzira nyimbo ndi magule a chikondwerero, a matironi, mayi amene amayang'anira kogona atsikana, anamupeza Patuma atakhala pansi pakati pa mabedi, mabokosi atatu a anzake ali chitsegukire. Anali atadya kamba yense amene anzakewo anabwera naye kuchokera kwawo: mtedza, chimanga chokazinga, zigumu, ngakhale shuga wa m'pepala ankatapa ndi dzanja. Mawu akuti kuba anawalemba mzere kunsi kawiri ndi inki yofiira. Anati akhale kunyumba milungu itatu, kenaka abwere ndi kholo kuti akaone ngati n'koyenera kumulola kulemba mayeso.

Amayi, inu munakana kundikwatitsa ndili Sitandade 6, anthu akukunenani kuti sukulu ya amishoni ikandidyetsa nkhumba. Mukudziwa mtengo wa mpando umodzi wa sekondale kwa mtsikana wa kwathu. Ndiye musadabwe kuti ndinanena mawu amene sindingawalembe pano. Ndinamufunsa ngati pakhomo pano timamumana.

Aliyense anabwera ndi nzeru zake. Bambo ake anakwera njinga mpaka ku Balaka nkukagula loko yaikulu yoyenera pa sitolo, nkuikoloweka pa kabati ya zakudya, kiyi nkumayenda naye m'thumba. Alamu anga anati wina wansanje wamuikira chinthu m'mimba mwanayu, poti ndi yekha m'mudzi wafika Fomu 4. Ine, ndi sukulu yanga yonseyi, ndinati ndi njoka zam'mimba, ndipo ndinapita naye kuchipatala. Anamuyeza, njoka sanazipeze, koma mapilitsi anatipatsabe kuti tisabwerere chimanjamanja. Choncho mankhwala tinali nawo atatu, matenda tisanawadziwe.

Zaka zonse ndaphunzitsa ku pulayimale zandisiyira luso limodzi: mwana usamamvere zimene akunena, uziona zimene akuchita akaganiza kuti wamuiwala. Nditapsa mtima mokwanira ndinayamba kuyang'ana. Chimene ndinaona sichinagwirizane ndi kalata ya a Sisitere. Pa mphasa Patuma ankadya ngati mpongozi wofika kumene: mbamu ziwiri, wasamba m'manja, wathokoza. Masiku ambiri sankadya n'komwe. Ndikamuitana ankati akubweza masiku, aja amene mkazi amadumpha pa swaumu ya Ramadani akakhala kumwezi nkudzasala pambuyo pake. Bambo ake anakondwa. Anati manyazi amugwetsera kwa Mulungu.

Ine ndinayamba kuwerenga. Ramadani yapitayo anadumpha masiku asanu ndi limodzi, mwina asanu ndi awiri. Chibwerereni kuchokera kusukulu, m'masiku khumi anali atasala asanu ndi awiri. Ndinakumbuka kuti pa holide yapita ankanenanso zobweza masiku. Ndinatulutsa makalata ake akale, ndipo m'makalata awiri analembamo zomwezo. Mwezi wa Ramadani supitirira masiku makumi atatu, amayi. Patuma anali atabweza oposa pamenepo, ndipo anali asanamalize.

Lachinayi lina tinaweruka msanga chifukwa ana anawatenga kukasesa msewu umene panadzadutsa akuluakulu a chipani. M'mawa wa tsikulo Patuma anali atanena kuti ali pa swaumu. Ndinafika pakhomo pali zii. Loko inali pa kabati, ikugwira ntchito yake mokhulupirika. Patuma ndinamupeza kukhitchini, atakhala pansi pafupi ndi thumba la mtedza wa mbewu. Pambali pake panali mphika wa mbatata zadzulo utatha, ndi makaka osaphika amene ankatafuna chouma chomwecho. Ndinaima pakhomo, sanandione.

Wosusuka ndimamudziwa, ndaphunzitsa ambiri. Amasankha pabwino, amanyambita zala, ndipo nkhope yake imawala. Wakuba naye ndimamudziwa, khutu lake limakhala kukhomo. Patuma sankasankha ndipo sankamvetsera kalikonse. Ankadya ndi manja awiri, mwamsangamsanga, wopanda madzi, maso ali kukhoma, misozi ikutsika popanda mawu. Ankadya ngati munthu amene akuzimitsa moto wogwira denga.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbuka nkhani yanu ya njala yaikulu ija, imene munkatiuza tikakana ndiwo. Munkati anthu amene anapirira miyezi yambiri mwaulemu ndi omwe anasokonezeka tsiku limene chimanga chinafika, nkumadya chosapsa, osatha kuleka, ndipo amalume anu sanafe ndi njala koma ndi chakudya cha tsiku loyamba. Munkamaliza ndi mawu akuti, mimba ukaimana imasunga mlandu, ndipo tsiku loitsegulira siibwera ndi ulemu. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi nkhani yongotiopseza kuti tidye therere.

Ndinatunga madzi m'chikho nkukhala naye pansi pomwepo. Atandiona anaphimba kumaso.

"Mundimenye, amayi," anatero.

"Imwa madzi kaye," ndinamuyankha. "Makaka amatsamwa."

Tinakhala mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa nkhokwe, ndipo anandiuza zonse, pang'onopang'ono, ngati munthu akuzula minga kuphazi. Zinayamba ndi inu. Mlungu umene munadwala munali mutamukazingira mtedza nkumuikira m'chitini kuti akapite nawo kusukulu. Maliro atatha anabwerera nacho chitinicho, ndipo anakhala milungu itatu osachitsegula. Lamulungu lina anzake onse atapita kutchalitchi, iye yekha Msilamu atatsala kogona, anachitsegula kuti atapeko dzanja limodzi. Anadzidzimuka chitini chili mbee. Anati kwa nthawi imene ankadyayo mtima unakhala chete koyamba chimwalirireni inu.

Mtsikana wina anamupeza ndi chitini chopanda kanthu ndi makoko pa diresi, nkumutcha dzina lakuti Chigayo. Dzina loipa limayenda msanga kuposa sitima. Kodyera, akangokweza dzanja kupita kukamwa, tebulo lonse linkayamba kulira ngati injini ya chigayo. Ndiye anasiya kudya pamaso pa anthu. Anapeza kuti akanena za swaumu palibe amene amafunsa, poti a Sisitere amalemekeza chipembedzo cha ena, ndipo sadziwa kuti masiku obweza ndi angati. Ankasala tsiku lonse, madzulo nkungolawa. Likafika tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chinthucho chinkabwera.

Ndinamufunsa kuti chinthu chanji. Anati, "Si njala yokha iyayi. Imabwera ngati munthu akundikankha kumsana. Mutu wonse umangoganiza pamene pali chakudya. Ndikayamba ndimakhala ngati palibepo, kukoma sindikumva, ndimangozindikira zatha, mimba ikupweteka."

Zikatha ankadzida, ndipo chilango chake chinali kusalanso masiku awiri, kuti aonetse Mulungu ndi iye mwini kuti si chigayo. Masiku awiriwo ndi amene ankaitana kudya kotsatira. Chimene ankayesa mankhwala ndicho chinkadyetsa matenda. Ndipo ife, ndi loko yathu, tinali titangomuthandiza kumanga mfundo.

Pali china chimene ndiyenera kukuuzani, ngakhale simuchikonda. Munkandiphunzitsa kuti mtsikana waulemu amasiya kanthu m'mbale, asaoneke ngati kwawo kuli njala. Ine ndinamuphunzitsanso Patuma chimodzimodzi, mawu omwewo. Mwana ameneyu anakula akudziwa kuti kufuna chakudya ndi chinthu chobisa. Pamenepa tinalakwa tonse awiri, amayi, ndipo mwayi wanga ndi wakuti lero simungandiyankhe.

Madzulo ake ndinapempha kiyi. Bambo ake anakana, anafunsa ngati ndikufuna kuti atimalizire ndi mbewu yomwe. Ndinawauza kuti loko ndi ya wakuba, pamene ife tili ndi mwana wanjala. Sanamve. M'mawa atapita kumunda ndinazula chokolowekera chake ndi mpeni, nkuika loko pa mpando wawo. Anakhala masiku awiri akundiyankha ndi mphuno. Tsiku lachitatu ndinaiona loko ija pa khola la mbuzi, pamene inkafunika kuyambira kale.

Ndinadziwa kuti za swaumu mawu anga sangalemere, poti Patuma amadziwa kuti ine ndi madarasa tinangoonana patali. Ndinawatuma bambo ake omwewo kuti apite naye kwa a Shehe. Mkuluyo anafunsa masiku amene anadumpha, nkufunsanso amene wabweza. Akuti anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mwanayo anasiya. Anamuuza kuti masiku ake anatha kalekale, kuti swaumu si chikoti chodzikwapulira, ndipo anamuletsa kusala ngakhale tsiku limodzi kufikira Ramadani ikubwerayi. Pofika pakhomo bambo ake anandifunsa ngati m'nyumba muli shuga wokwanira phala la mwana.

Tinayamba kudya motsata belu la sukulu yanga: phala m'mawa, chakudya masana, kena kake cha m'ma folo koloko, ndi chamadzulo. Mungaganize kuti zinali zosavuta, koma masiku oyamba kudya kunamuvuta kuposa kusala. Ankaopa kuti akayamba sasiya. Ndinkakhala naye mpaka mbale ithe, ndipo inenso ndinkamaliza yanga, kusiya ulemu wanu uja pambali. Tinapangana kuti chinthucho chikamabwera asamabise, azingonena kuti yabwera. Akatero tinkakhala pansi kusola nandolo, kapena kupita kumtsinje wa Rivirivi kukatunga madzi amene sitinkawafuna. Mitsuko yonse pakhomo pano inadzaza, mpaka anansi anayamba kufunsa ngati tamva za chilala.

Tikuyenda chomwecho tinaphunzira makhalidwe ake. Imakwera, imafika pamwamba, kenaka imatsika yokha, monga madzi a mumtsinje mvula ikagwa kumtunda. Kawirikawiri siipitirira nthawi ya phunziro limodzi. Imakonda munthu amene sanadye, munthu amene ali yekha, ndi munthu amene wangosekedwa. Imabweranso akakumbuka inu. Tsiku lina alamu anabwera kudzacheza nkunena mwanthabwala kuti tibise nkhuku, mwini mimba alipo. Masana omwewo Patuma anagwa, anamaliza nthochi zonse za pa mkoko. M'mawa mwake anati sakumva njala. Ndinaika phala patsogolo pake nkukhala pansi, ndipo ndinachedwa kusukulu koyamba m'zaka zisanu. Anadya.

Milungu itatu itakwana tinakwera basi, makadi a chipani ali m'manja kuti tisatsitsidwe panjira. Tikuwoloka Shire pa Liwonde ndinali ndikuloweza mawu anga. Ndinali nditalemba masamba atatu m'Chingerezi chabwino, chokhala ndi mawu aatali amene ndinawasunga chichokereni ku sekondale. Patuma anali atafungata timatumba titatu ta mtedza ndi chimanga chokazinga. Anakagwira ganyu yotola thonje kuti azipeze, ndipo anakazinga yekha, osalawa mobisa, ine ndikuyang'ana kumbali dala.

Mu ofesi munali a Sisitere, kalata ija ili patebulo, ndi a matironi, mayi wamtali wouma nkhope amene anaima pafupi ndi chitseko ngati akulondera kuti tisathawe ndi mpando. A Sisitere anandifunsa ngati ndili ndi chonena. Ndikutsegula chikwama, Patuma anaimirira. Sanayang'ane pansi.

"Mabokosi a anzanga ndinatsegula, sindikukana, ndipo ndabweretsa zobweza. Koma mukandilola kubwerera ndikupempha zinthu ziwiri. Ndizidya katatu pa tsiku a matironi akundiona, ndipo ndikadzanena kuti ndili pa swaumu musandikhulupirire. Chachiwiri, Lamulungu anzanga akapita kutchalitchi musandisiye ndekha kogona."

Kenaka anafotokoza za dzina lija, za masiku obweza, ndi mmene chinthucho chimabwerera, zonse zimene anandiuza kukhitchini, koma tsopano ataimirira pamaso pa anthu amene anamulembera mawu akuti kuba. A Sisitere anafunsa mafunso ambiri, ena okhwima. Anafunsa chifukwa chimene sananenere kale. Patuma anati sankadziwa kuti ndi chinthu chimene munthu anganene.

Amene anathetsa nkhani ndi a matironi. Anati pa zaka zonse agwira ntchitoyi, atsikana ogwidwa amapempha kukhululukidwa, kapena kuti makolo asamve, koma wopempha kuti aziyang'aniridwa anali asanamuonepo. Anawonjeza, osamwetulira ngakhale pang'ono, kuti Lamulungu lililonse amapita ku Misa yoyamba, ndipo akabwerako amakhala ndi thumba la nyemba zofuna kusankha, manja ake okha sakwanira. A Sisitere anapinda kalata ija nkuiika m'kabati. Anati Patuma akapepese yekha kwa anzake atatu aja, akapereke zimene wabweretsa, ndipo Lolemba alowe m'kalasi. Mayeso alemba.

Masamba anga atatu sanatuluke m'chikwama. Chingerezi chonse chija ndinabwerera nacho ku Rivirivi chosagwiritsa ntchito, ndipo sindinadandaule.

Sindikunamizani kuti zatha. Dzina lija akumutchulabe ena, ngakhale akuti tebulo lasiya kulira, poti pamene pakhala a matironi injini siilira. Mlungu watha ndinalandira kalata yake. Analemba za masamu, za nsapato yong'ambika, za nyemba za a matironi zimene akuti zili ndi miyala yambiri kuposa nyemba. Kumapeto analemba kuti: "Chibwerereni yabwera kasanu. Kanayi ndinapita kukagogoda kwa a matironi. Kamodzi inandigwetsa, koma ndi kamba wanga yemwe, za munthu sindinakhudze. M'mawa mwake ndinadya phala."

Mzere womalizawo ndinawawerengera bambo ake kawiri. Anthu amanyadira ana awo akakhala nambala wani, kapena dzina likamveka pa wailesi. Ine ndikunyadira mwana amene anadya phala. Inu nokha mungamvetse kuti mbale imeneyo inali yolemera bwanji, ndipo ndikanakonda mukanamuona mmene anaimira mu ofesi muja. Anali ndi kaimidwe kanu, kaja ka tsiku limene munawabweza anthu obwera kudzandifunsira mbeta.

Mayeso ayamba mwezi wamawa. Za zotsatira sindikudziwa, ndipo sindikuvutika nazo monga ndinkaganizira. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: akamaliza kulemba tidzabwera ku Nayuchi tonse kudzachita sadaka yanu. Chipande chogawira mpunga ndidzamupatsa Patuma, agawire mudzi wonse, alamu anga omwe. Akatha adzadziikira mbale yake yekha, yodzaza monga ya wina aliyense, nkukhala pakati pa amayi anzake kudya anthu akuona.

Gonani bwino, amayi. Timakukondani, ndipo amene amakusowani koposa tonse akudya katatu pa tsiku.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu